Wina anunkhila, wina anunkha, koma utsi ni umodzi

June akangolowa, mawindo a minibasi mu Lusaka amatsekedwa onse. Omwe aja anali kukuwa mu October kuti "tsegulani windo, tizafa na kupya" ndiwo tsopano amakalipa kuti "imwe, valani windo, mphepo!" Ndiye ganizilani: anthu anai-anai pampando, majuzi ndi majekete a salaula atatuluka m'masutukesi, mpweya wosatuluka. Aliyense amalowa ndi fungo lake, ndipo fungolo lilibe kothawila. Kucokela pa Kulima Tower kukafika ku Chelston, kapena pa City Market kukafika ku Chawama, mphuno ndiyo imakuuza amene wakhala naye.

Fungo limene lafala nyengo ino ndi la mapafyumu olemela, onunkhila nkhuni ndi utsi. Anyamata ogulitsa tumabotolo m'makhonde a Cairo Road, ku Kamwala ndi pa WhatsApp ali ndi liu limodzi pakamwa: oud. "Iyi ni ya winter, boss. Mukazola lelo izankhala mpaka mailo." Anthu akugula ndithu. Mnyamata akalowa m'basi atadzola, ena amayang'anana, wina mpaka kufunsa dzina la botolo.

M'basi yomweyo mukalowa mai wonyamula dengu la nsomba zowamba za ku Luangwa, kapena bambo amene wangocoka kotsitsa matumba a malasha, nkhope zimasintha. Wina amakwezela sikafu kumphuno. Wina amasendela kuwindo lomwe lija anali kukana kuti litsegulidwe. Ba kondakita amawonjezela mtengo wa katundu, ati "vizanunkhisa basi". Cinenelo cathu cimasiyanitsa anthu awiliwa ndi kacidutswa kamodzi ka liu: uyu anunkhila, uyo anunkha. Koma onse awili anyamula fungo la mtengo wopsa. Woyamba analigula, waciwili analigwilila nchito. Tauni ino imakonda utsi ukakhala m'botolo, koma imanyoza anthu amene amaupuma tsiku ndi tsiku kuti ife tidye ndi kuotha. Ine ndikuona kuti kunyozako kwatitseka maso, moti sitikuona ngongole imene ikukula kumbuyo kwathu.

Zimene zili m'botolo

Tiyambe ndi botololo. Liu lakuti pafyumu linacokela ku mau a Cilatini akuti per fumum, kutanthauza kupyolela mu utsi. Anthu akale sanali kupopela, anali kufukiza. Anali kuika utomoni ndi tizidutswa ta mitengo pamakala amoto, utsi n'kulowa m'zovala ndi m'tsitsi. Lubani amene timamva ku chalichi ndi wa mtundu womwewo, ndipo abale athu Asilamu ambili amafukizabe m'nyumba zao mpaka lelo. Conco pafyumu ya utsi si yatsopano ai. Yangobwelela kumene inabadwila.

Oud weni-weni amacokela ku mtengo wochedwa Aquilaria, umene umamela ku Assam m'dziko la India, ku Vietnam, Cambodia, Malaysia ndi Indonesia. Mtengowu ukakhala wathanzi ulibe fungo loti n'kugulitsa. Ukavulala n'kulowedwa ndi matenda a mtundu wa nkhungu, umatulutsa utomoni wakuda kuti udziteteze, ndipo mtima wa mtengo umene wamwa utomoniwo ndiwo umanunkhila. M'nkhalango ndi mitengo yocepa cabe imene imadwala motele, conco osaka anali kugwetsa mitengo yambili-mbili kuti apeze umodzi wa ndalama. Mu 1995 mtundu umodzi wa mtengowu unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anila malonda a zomela ndi nyama zimene zili pangozi yakutha. Mu 2004 maiko anagwilizana kuikapo mitundu yonse ya Aquilaria.

Aluya ndi amwenye akhala akugwilitsa nchito oud kwa zaka mazana ambili. Azungu analowamo mocedwa. Yves Saint Laurent anatulutsa M7 mu 2002, Tom Ford anatulutsa Oud Wood mu 2007, ndipo mu 2015 Maison Margiela anafika pogulitsa pafyumu yochedwa By the Fireplace, imene nchito yake n'kukumbutsa munthu fungo la kuotha moto. Inde, kuotha moto, kuja timacita mahala pakhomo. Pambuyo pake makampani a ku United Arab Emirates monga Lattafa, Rasasi ndi Ajmal anadzaza msika ndi mabotolo ochipilako, ndipo amenewa ndiwo amafika kuno m'masutukesi a amalonda opita ku Dubai.

Tikambe zoona: m'kabotolo ka pa Cairo Road mulibe oud wa m'nkhalango. Mafuta eni-eni amagulidwa madola masauzande ambili pa kilogalamu imodzi. Zimene timagula ife ndi fungo lopangidwa ndi mankhwala m'fakitale kuti lifanane ndi leni-lenilo, ndipo zimenezo sizoipa, pakuti palibe mtengo umene wagwa. Kuti apeze fungo la utsi, opanga amasakaniza phula la mtengo wa birch, mafuta a cade, kapena mankhwala monga guaiacol. Guaiacol ameneyu amatuluka nkhuni zikamapsa, ndipo ali m'gulu la zimene zimapatsa nsomba yowamba fungo lake. Mwamva? Cimene cili pakhosi la mnyamata uja ndi cimene cili pa citenge ca amai aja ndi zapacibale.

Nanga n'cifukwa ciani amati ndi za nyengo yozizila? Fungo limayenda ndi kutentha. Kukatentha limauluka msanga, kukazizila limacedwa kunyamuka pakhungu. Mapafyumu opepuka, a malalanje ndi maluwa, samveka kweni-kweni pamphepo, pamene olemela a nkhuni ndi utomoni amakhala maola ambili. Malangizowo ndi oona, koma analembela munthu wa ku London woyenda panja pa cisanu. Sanalembele Hiace yotseka mawindo, yodzala anthu otenthetsana. M'menemo pafyumu yolemela imauka ngati uli mu October. Pali a asima, pali azimai apakati, pali makanda kumbuyo, pali odwala mutu. Kupopela kawili ndi kokwanila. Kupopela kasanu ndi kawili n'kukhometsa anzako msonkho umene sanavomele.

Kumene utsi ndiwo filiji

Tsopano tisiye botolo, tikwele basi pa Intercity tilowele kum'mawa, tikaone kumene dengu lija linacokela. Great East Road imadutsa Chongwe ndi Rufunsa, n'kuyamba kukhota-khota m'mapili. Patapita makilomita pafupi-fupi 230 mumafika pa Luangwa Bridge, mlatho umene unamangidwa mu 1968. Aliyense wa kum'mawa amadziwa pamsika paja basi imaima mlatho usanafike: nsomba zowamba zitandandalikidwa pamatebulo, madengu, zipewa za mlaza, mphasa. Ine ndikamapita kumudzi, fungo la pamenepo ndilo limandiuza kuti Lusaka yatsala kumbuyo. Ambili timagula n'kupitilila ku Nyimba, Petauke ndi Chipata. Ocepa cabe ndiwo amakhotela kum'mwela, pamseu wa makilomita pafupi-fupi 90 wopita ku boma la Luangwa, limene akulu-akulu amalichulabe kuti Feira.

Feira ili pamene mtsinje wa Luangwa umathila mu Zambezi. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dzinali ndi la Cipwitikizi, ndipo limatanthauza msika. Kuyambila zaka za m'ma 1700 amalonda anali kukumana kumeneku kugula minyanga ya njovu, golide, ndiponso anthu. Lelo dzina la Feira latsala pa dela la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Dzikolo ndi la mafumu awili, a Mburuma a Ansenga-Luzi ndi a Mphuka a Achikunda. Pa kalembela wa 2022 boma lonselo linali ndi anthu osafika 40,000, pamene Lusaka yokha inali ndi oposa 2 miliyoni, ngakhale kuti onse ali m'cigawo cimodzi ca Lusaka Province.

Kumeneku ndiko kotsika kwambili mu Zambia yonse, mamita pafupi-fupi 330 pamwamba pa nyanja, pamene Lusaka ili pafupi ndi 1,300. N'cifukwa cake kumatentha koopsa. June amene ife timanjenjemela naye, kwa iwo ndi mpumulo. Munthu wa ku Feira mukamuuza za pafyumu ya winter, adzakufunsani kuti winter yake iti. Mvula kumeneko ndi yosadalilika, nthaka yambili ndi ya miyala, ndipo cimanga cikacita bwino njovu zocokela ku Lower Zambezi National Park zimabwela kudzakolola usiku umodzi. Conco moyo watsamila pa mtsinje ndi pa thengo: nsomba, mphasa za bango, mabuyu, ndi masau aja amadzaza mabeseni pa Soweto Market nyengo ino. Nsomba zambili zimabwela pa mabwato kucokela mbali ya Mozambique, pakuti nyanja ya Cahora Bassa, imene inabadwa damu litamalizidwa mu 1974, imayambila pafupi ndi Zumbo.

Pende kapena mceni akatuluka m'madzi pa kutentha kwa cigwa, maola ocepa cabe wayamba kuola. Kumisasa ya asodzi kulibe filiji. Njila zilipo ziwili: mcele ndi dzuwa, kapena utsi. Nsomba amaitumbula, kuitsuka, kuiyanika pang'ono kuti madzi adonthe, kenako kuiika pa waya pamwamba pa moto wa nkhuni zolimba. Motowo suyenela kuyaka malawi, uyenela kufuka. Wowamba amakhala pomwepo kutembenuza, kusonkheza, kupewa kuti isapse, nthawi zina usiku wonse mpaka tsiku lotsatila. Maso amafiila, cifuwa cimakanda. Utsi umalowa m'citenge, m'duku, m'tsitsi, m'khungu, ndipo sopo wa tsiku limodzi saucotsa. Akamaliza amamanga katundu, kukwela thilaki kapena basi, kugona panjila, kuti m'mawa afike pa Soweto. Kumbukilaninso kuti kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyo malonda amaima. Ndalama ya yunifolomu, ya mabuku ndi ya cimanga ca m'nyumba iyenela kupezeka miyezi inoyi.

Ndiye ife a m'tauni timagula nsomba ija, kuiphika ndi tomato ndi anyezi kapena kuitendela, n'kumanyambita zala. Mlendo akabwela timanyadila kuti "iyi ni ya ku Luangwa, osati ya mu damu". Fungo lomwe lija tinalithawa m'basi, likatuluka m'poto timati ndiwo zanunkhila. Akulu anati walila mvula walila matope. Ife tifuna nsomba popanda wowamba.

Mitengo ikupita kuti

Pamseu womwewo pali utsi wina. Kuyambila Chongwe mpaka kufupi ndi mlatho mumaona matumba a malasha ataimikidwa m'mbali, mitu yao italukidwa ndi luzi, ndi mathilaki olemedwa mpaka kupendekeka akukwela mapili kulowela ku Lusaka. Malonda amenewa ndi akale, koma caka ca 2024 cinawapatsa mphamvu zatsopano. Pa 29 February caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Nthawi imeneyo malaiti athu opitilila 80 pelesenti anali kucokela ku madzi. Madzi atacepa ku Kariba, panafika nthawi imene makina amodzi okha mwa 6 a mbali ya Zambia ndiwo anali kuzungulila, ndipo m'madela ambili load shedding inapitilila maola 20 pa tsiku. Mbaula, imene ena anali kuiona ngati ya m'komboni, inalowa ku Kabulonga, ku Woodlands ndi ku Ibex Hill. Mtengo wa thumba unakwela, ndipo m'makomboni ambili anasiya kugula thumba n'kuyamba kugula tumapulasitiki ta tsiku limodzi.

Malasha sagwa kumwamba. Pa uvuni wa dothi umene anthu ambili amagwilitsa nchito, pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a nkhuni kuti patuluke kilogalamu imodzi ya malasha. Zotsalazo zimapita m'mwamba ngati utsi. Ndipo ogula tonse timafuna malasha olemela, okhalitsa pambaula, osathetheka. Amenewo amacokela ku mitengo yolimba, monga mutondo ndi musamba kumtunda, ndi mopani kucigwa, umene ena amati tsanya. Mopani amakula pang'ono-pang'ono. Mtengo umene nkhwangwa imagwetsa m'mawa umodzi unayamba kukula amene akuudulayo asanabadwe. Masamba ake ndiwo cakudya ca njovu ndi ca vinkubala. Ziwelengelo zimene zakhala zikuchulidwa kwa zaka zambili zimati Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango caka ciliconse. Si malasha okha ai, kutsegula minda yatsopano kulinso ndi gawo lalikulu. Koma m'mbali mwa miseu yolowa mu Lusaka, malasha ndiwo amatsogola.

Lamulo lilipo. Forests Act ya 2015 imafuna kuti wotentha ndi wonyamula malasha akhale ndi cilolezo. Mu April 2024 boma linaimitsa zilolezo zotenthela malasha m'maboma atatu: Itezhi-Tezhi, Mumbwa ndi Shibuyunji. Colinga cinali cabwino. Koma funsani: mapoto a mu Lusaka anacepa tsiku limenelo? Nsima inaphikidwabe. Ukatseka khomo la kumadzulo njala ya malasha ili yomweyo, thilaki imangotembenuka kukafuna khomo lina, ndipo limodzi la makomo otsalawo ndi la kum'mawa, lopita kucigwa. Wowamba nsomba wa ku Feira ndi wophika wa ku Mtendere akudalila nkhalango imodzi, ndipo wa ku Mtendere ali ndi anzake mamiliyoni.

Apa ndi pamene kunyoza kuja kumatipusitsa. Pa wailesi timakonda kunena kuti otentha malasha akuononga dziko, monga kuti amatenthela kuseketsa. Utsi sufuka popanda moto, ndipo moto wake ndi ndalama yathu. Pa mtengo umene timalipila pa thumba, wotentha uja, amene anagwetsa mtengo, kuudula, kuukwilila ndi kuulonda masiku angapo, amatenga gawo locepa. Zambili zimathela pa thilaki, pa misonkho, panjila ndi pa ogulitsa a m'tauni. Iye amatsala ndi cifuwa, msana ndi dzina loipa.

Tsoka silinunkha

Pali cinanso cimene mphuno yathu yonyadayi siingathe kugwila. Caka ciliconse nyengo yozizila, apolisi amalengeza za anthu opezeka atafa m'nyumba, mbaula ili pakati, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Nthawi zina ndi mlonda m'kanyumba ka pageti, nthawi zina ndi banja lonse. Cimene cimawapha si utsi uja umaluma m'maso. Ndi mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ulibe kukoma. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, cizungulile, nselu ndi kufooka, n'kuganiza kuti ndi kutopa kapena malungo, n'kugona.

Ambili timakhulupilila kuti malasha akafiila, utsi n'kutha, ndiye kuti mbaula yakhala bwino kulowa nayo m'nyumba. Bodza limenelo laika anthu ambili m'manda. Makala ofiila amatulutsabe mpweya wakuphawo, ndipo m'cipinda cotseka umaculuka msanga. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizile bwanji. Mukapeza munthu wafooka m'cipinda muli mbaula, tsegulani zonse, mutulutseni panja, thamangilani naye kucipatala. Musacedwe ndi kumumwetsa mkaka.

Kulinso imfa ya pang'ono-pang'ono. Bungwe la World Health Organization linawelengela kuti mu 2020 anthu pafupi-fupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwela cifukwa ca utsi wa m'nyumba: cibayo, matenda a mtima, sitiloko ndi matenda a mapapo. Amene amaupuma kwambili ndi azimai ndi ana aang'ono, pakuti ndiwo amakhala pafupi ndi moto. Mai wowamba nsomba, mwana ali kumbuyo, ali m'gulu limenelo. Fungo limene timam'nyozela ndi cizindikilo ca zimene mapapo ake alipila kale.

Nanga ticite bwanji

Wina anena kuti, "Manje imwe ba mlembi, mufuna tileke kuzola?" Iyai. Munthu ali ndi ufulu wonunkhila. Anyamata ogulitsa tumabotolo aja apeza pogwila m'tauni yosowa nchito, ndipo kuli bwino kugulitsa oud kusiyana ndi kutsomphola mafoni pa Lumumba. Sindikukananso kuti dengu la nsomba m'basi yotseka mawindo limavuta, maka-maka kwa amene akupita ku ofesi kapena kukafunsila nchito. Ndi zoona. Pamenepo mankhwala ake ndi apafupi: katundu amangidwe bwino, aikidwe kumbuyo, windo limodzi litsegulidwe pang'ono. Windo limenelo lithandizanso pa cimfine ndi TB, zimene zimakonda malo otseka. Cimene ndikukana ndi cipongwe. Kuuza mai wa msinkhu wa amai ako kuti "mununkha" pamaso pa anthu, iwe utadzola fungo la utsi logula, ndi kusaleledwa.

Koma ulemu wokha sudzabweza mitengo. Pali zinthu zitatu zimene ndikuona kuti n'zotheka.

Coyamba ndi uvuni wa nsomba. Ku Ghana, m'mudzi wa asodzi wa Chorkor mu Accra, mu 1969 anayamba kugwilitsa nchito uvuni wa dothi kapena njelwa wokhala ndi mathileyi osanjikiza. Moto umodzi umawamba nsomba zambili nthawi imodzi, nkhuni zimapita zocepa, ndipo wowamba sakhala mu utsi nthawi yonse. Uvuni umenewo wafalikila m'maiko ambili a mu Africa. Sufuna malaiti. Ndalama za CDF zinakwezedwa kwambili kuyambila 2022. Kodi dela la Feira silingapatuleko zomangila mauvuni otele pamadoko, pamodzi ndi malo opangila ayezi oyendela dzuwa, limene kumeneko silisowa? Nsomba yofika pa Soweto ili yaiwisi imagulidwa bwino, ndipo siidya mtengo ngakhale umodzi.

Caciwili ndi mbaula ya m'tauni. Malinga ngati Lusaka iphikila pa malasha, palibe lamulo limene lidzaimitsa nkhwangwa. Gasi alipo, mbaula zosunga moto zilipo, ndipo makampani monga SupaMoto amagulitsa tunkhuni topangidwa ndi utuchi. Vuto ndi ndalama yoyambila. Mai wa ku Kanyama amene amagula malasha a tsiku limodzi sangatulutse ndalama ya silinda ndi citofu nthawi imodzi, ngakhale atadziwa kuti pa mwezi angapulumutse. Boma ndi makampani akafuna kuti asinthe, amulole kulipila pang'ono-pang'ono monga mmene amagulila malasha ndi talk time. Ndipo inu a kumayadi amene munagula mbaula cifukwa ca load shedding, inu ndiye mungakwanitse gasi lelo lomwe. Yambani ndinu.

Cacitatu ndi phunzilo la oud lomwe. Mitengo ya Aquilaria itayamba kutha, alimi a ku Assam, Thailand ndi Vietnam anayamba kuibzala m'minda ndi kuibaya dala kuti itulutse utomoni. Anaona kuti mtengo wa ndalama suyenela kungosakidwa, uyenela kulimidwa. Ife tinaona zimene zinacitikila mukula: unadulidwa, kukwezedwa pa mathilaki, kupita kunja, mpaka mu 2019 nawonso unalowa pa mndandanda wa CITES. Mopani ndi mitengo ya kumtunda ili ndi mwai umodzi, wakuti ikadulidwa bwino citsa cimaphukanso, malinga ciphukilaco citetezedwe ku moto wa lupsa ndi mbuzi. Forests Act yomweyo ya 2015 imalola midzi kupanga magulu oyang'anila nkhalango zao ndi kupindula nazo. Mafumu ndi anthu a kucigwa akapatsidwa mphamvu zeni-zeni pa mitengo yao, ndi gawo looneka la ndalama ya thumba lililonse lotuluka, adzakhala ndi cifukwa couza thilaki yacilendo kuti ibwelele.

Zonsezi zimayamba ndi kuvomela kuti utsi wa kucigwa ndi wathu. Feira inachedwa msika kale-kale cifukwa anthu akutali anali kubwela kudzatenga za mtengo wapatali n'kusiya eni dziko ali manja lende. Nthawi ija zinali kupita kunyanja ya mcele. Lelo zikubwela kuno, pa Great East Road, m'madengu ndi m'matumba, ndipo ogula ndife. Tikapitiliza kutenga mwa njila yomweyo, tsiku lidzafika pamene fungo la nkhuni lidzapezeka m'botolo la ku Dubai mokha, ndipo nsomba ya ku Luangwa idzakhala nthano youza adzukulu.

Conco mawa m'mawa popelani kawili, osati kasanu ndi kawili. Tulutsani mbaula musanagone. Pogula nsomba pa Soweto musanenelele mpaka kumuliza wogulitsa, pakuti pa mtengo umene wachulawo pali usiku umene sanagone. Ndipo ba kondakita, amai a dengu akakwela, alipile katundu monga wina aliyense, osati kawili.